Mariza: Woimba wa ku Lisbon Wobadwira ku Mozambique

Ana a sukulu ndi aphunzitsi, mukacoka mu Chipata ndi kulowera ku Katete, mupeza mseu wopatuka wopita ku Chanida, pamalire a dziko lathu ndi Mozambique. Kutsidyako kuli abale athu olankhula Cinyanja monga ife, koma m'masukulu mwao amaphunzira m'Cipwitikizi. Lero tikamba za mai woimba amene anabadwira m'dziko limenelo, nachuka ku Portugal.

Dzina lace ndi Marisa dos Reis Nunes, koma adziwika ndi lakuti Mariza. Anabadwa pa 16 December 1973 mu Lourenço Marques, mzinda umene lero ucedwa Maputo. Atate ace anali Mpwitikizi, amai ace a ku Mozambique. Dzikolo litalandira ufulu mu 1975, mabanja ambiri anasamukira ku Portugal, ndipo Mariza anafika ku Lisbon ali ndi zaka zitatu.

Anakulira ku Mouraria, dera lakale la anthu osauka, kumene makolo ace anali ndi kanyumba kogulitsiramo zakudya ndi vinyo. M'menemo anthu anali kuimba fado, nyimbo za Apwitikizi zonena za kupukwa, cikondi ndi tsoka, zotsagana ndi gitala ya zingwe 12. Mwanayo anayamba kuimba ali ndi zaka zisanu, asanadziwe kuwerenga. Atate ace anali kumjambulira zithunzi papepala kuti akumbukire mau a nyimbo.

Atasinkhuka anaisiya fado, popeza anzace anali kuiyesa nyimbo ya nkhalamba. Anatembenukira ku soul, gospel ndi jazz. Soul ndi maimbidwe a anthu akuda a ku America, ocokera m'nyimbo za m'chalichi, amene Aretha Franklin ndi Otis Redding anawachukitsa. Funsani agogo anu: James Brown atabwera kuno ku Zambia mu 1970, anyamata ambiri anayamba kumtsanzira mavalidwe ndi mavinidwe omwe. Mariza naye anaimba nyimbo zotere zaka zingapo m'mabala, osachuka.

Ena amati zaka zimenezo zinapita pacabe. Ine sindivomereza. Mukamvetsera bwino mupeza kuti mau ace amatuluka pansi pa mtima, amakoka mau amodzi nthawi yaitali, kenaka nkutsika mwadzidzidzi ngati kunong'ona. Luso limenelo ndi la woimba amene anadutsa mu soul.

Mu 1999 anamwalira Amália Rodrigues, mfumukazi ya fado, ndipo Mariza anali mmodzi mwa oimba pomkumbukira. Anthu anazizwa naye. Cimbale cace coyamba, Fado em Mim, cinatuluka mu 2001, ndipo mu 2003 wailesi ya BBC Radio 3 inampatsa mphotho. Panalinso odandaula, akuti wabweretsa zacilendo m'nyimbo za makolo. Iye sanabise kumene anacokera: m'cimbale ca 2005, Transparente, anaimba za agogo ace aakazi a ku Africa.

Mu 2011 bungwe la UNESCO linalemba fado pa mndandanda wa cuma ca cikhalidwe ca anthu onse, mndandanda womwewo umene pali Gule Wamkulu amene mumaona pa Kulamba ku Mkaika. Aphunzitsi, pulogalamu ikatha, anawo apeze Maputo ndi Lisbon pa mapu, ayese mtunda umene mwana wa zaka zitatu uja anayenda.