Nyenyezi zisanu za pa foni ndi nkhope zathu

Awa ndi mawu amene mayi wina wa saluni, membala wa kalabu yathu, analankhula pa msonkhano wa omvera ku Ulóngwè. Tawalemba monga momwe anawalankhulira kuti amene sanabwere nawonso amve.

  Abambo musasinze poganiza kuti iyi ndi nkhani ya amayi okha, pakuti ndalama zogulira zinthu zimene ndikambezi nthawi zambiri zimatuluka m'thumba mwanu.

Ine ntchito yanga mukuidziwa, ndimaluka tsitsi ndi kukongoletsa akwati. Chaka chatha kunabwera mtsikana wina amene ukwati wake unali woti uchitikire mu mzinda wa Tete mwezi wa Okutobala. Anabwera ndi kabotolo kakang'ono ngati chala changachi, kamene achimwene ake anamugulira ku Johannesburg. Ananditsegulira foni nkunena kuti, "Amayi, onani, akatswiri akapatsa nyenyezi zisanu. Musandipake china chilichonse." Kanali ka primer.

Kwa amene simukuidziwa, primer ndi mafuta amene timayamba kupaka kumaso tisanapake phoda ndi zina zonse. Ntchito yake ili ngati ya pulasitala pa khoma la njerwa: imasalaza, imatseka timaenje ta pakhungu, kuti zopaka pamwambazo zikhale bwino ndi kukhalitsa. Ma primer ambiri amapangidwa ndi silikoni, ndipo mukatembenuza botolo mupeza dzina loti dimethicone. Si mankhwala ayi. Sachiza ziphuphu, sachotsa mawanga, madzulo mumasukusula nkutha.

Ndinamupaka monga anafunira. Koma inu mukudziwa dzuwa la ku Tete mu Okutobala, masiku ena kutentha kumapitirira madigiri 40. Pomatuluka m'tchalitchi thukuta linali litayamba kale kuyenda, ndipo pa zithunzi nkhope inaoneka yotuwa ngati wagwera m'phulusa, khosi lili lakuda bwinobwino. Nditawerenga botolo lija bwino ndinapeza kuti munali titanium dioxide, ufa woyera woteteza ku dzuwa. Pa khungu loyera ufawu suoneka kwenikweni, koma pa khungu lathu umatuwitsa. Kabotoloko sikanali kachinyengo, ndipo akatswiriwo mwina sananame. Cholakwa chinali changa, chifukwa sindinafunse kuti akatswiri amenewa ndi ndani, anayesa pa nkhope ya yani, ndipo kunja kunali kotani tsiku limenelo.

Tsono tiyeni tifunse mafunso amenewa lero.

Ambiri mwa amene amatchedwa akatswiri pa nkhani za zodzoladzola ndi olemba magazini ndi anthu okongoletsa anzawo monga ine ndemwe. Ku America kuli magazini ya Allure imene kuyambira 1996 imapereka mphoto chaka ndi chaka kwa zodzola zimene yazikonda, ndipo makampani amamata chizindikiro cha mphotoyo pa mabotolo awo. Anthuwa amadzola, nkuona ngati mafutawo akulowa bwino, ngati akunyezimira, ngati fungo lili bwino, ngati phoda yakhalitsa mpaka madzulo. Zimenezi nzothandiza ndithu, sindikuzinyoza. Koma ndi maganizo a munthu amene wakhala mu ofesi yozizira ku New York kapena ku London. Sanakwere njinga kuchoka ku Dómuè mu fumbi la Seputembala, sanaphike nsima ya pa ukwati pa moto wa nkhuni.

Ndipo kwa nthawi yayitali khungu lakuda silinkawerengedwa nkomwe. Madokotala a khungu ali ndi muyeso wogawira mitundu ya khungu umene anayambitsa dokotala wa ku Harvard, Thomas Fitzpatrick, mu 1975. Poyamba muyesowu unali wa azungu okha, ndipo magulu a ife akhungu lakuda anachita kuwonjezeredwa pambuyo pake. Ngakhale mu 2017, pamene woyimba uja Rihanna anatulutsa zopaka kumaso za Fenty Beauty za mitundu 40, kuyambira yoyera kwambiri mpaka yakuda bii, dziko lonse linachita nazo chidwi ngati chinthu chachilendo. Taganizani, 2017, dzulodzuloli! Choncho mukaona nyenyezi zisanu, yang'anani kaye nkhope za amene akuyamikirawo. Ngati palibe wofanana ndi inu, nyenyezizo sizikukamba za inu.

Palinso nyenyezi zogula. Amene amaonetsa zodzola pa Facebook ndi pa TikTok ambiri amalipidwa, kapena amalandira kangachepe inu mukagula. Ndemanga zabodza zinachuluka mpaka boma la America linakhazikitsa lamulo mu 2024 loletsa kugula ndi kugulitsa ndemanga zotere. Ngati kumeneko anafika poika lamulo, nanga uthenga umene wakupezani pa WhatsApp kuchokera kwa munthu amene akugulitsa yekha mafutawo?

Akatswiri amene ine ndimawamvera kwambiri ndi amtundu wina. Awa amagula okha katundu m'sitolo ndi ndalama zawo, nkupita naye ku labotale kukayeza ngati zolembedwa pa botolo zili zoona. Mu 2025 bungwe la ogula la ku Australia lotchedwa Choice linayeza mafuta 20 oteteza ku dzuwa, onse olembedwa SPF 50 kapena kuposa. Mwa amenewo 16 sanafike pa nambala imene analemba, ndipo amodzi anapezeka ndi SPF 4 yokha. Ena mwa mafutawo anali okwera mtengo ndi otchuka. Palibe munthu angadziwe zimenezi pongodzola nkudziyang'ana pagalasi. Nkhaniyi ndi yaikulu kwa abale athu achialubino, amene kwa iwo mafuta a dzuwa si zokongoletsa koma chitetezo ku khansa ya pakhungu. Inu makolo a ana otere, mafutawo apakeni ndithu, a SPF 30 kapena 50, koma musawadalire okha. Chipewa chachikulu ndi malaya a manja aatali zisasowe.

Tsopano ndifike pa chimene chandiimiritsa pano, chifukwa nkhope yotuwa ya pa ukwati inatha ndi sopo ndi madzi. Pali zina zimene sopo sachotsa.

Ndili ndi mng'ono wanga, mwana wa amayi aang'ono. Anagula timachubu pa banka ina ya pamsika, wogulitsayo atamuuza kuti ndi mafuta a nambala wani, madokotala akunja anawavomereza. Anasakaniza ndi mafuta ake odzola monga amachitira ambiri. Mwezi woyamba anayera, ziphuphu zinatha, anzake nkumamufunsa chinsinsi. Patapita chaka khungu linapyapyala mpaka timitsempha kumaoneka, m'mikono munatuluka mizere ngati ya mayi woyembekezera, ndipo zipere zinafalikira osamva mankhwala. Akati asiye, nkhope imayabwa ndi kutentha ngati yapakidwa tsabola, ndiye amabwereranso. Ku chipatala atawerenga kachubuko anatiuza kuti munali clobetasol. Amenewa ndi mankhwala enieni amphamvu kwambiri, amene dokotala amalembera munthu wodwala nthenda ya pakhungu kuti apake kwa masabata ochepa, nkusiya. Iye anapaka thupi lonse kwa chaka. Mnzake wa clobetasol ndi betamethasone. Mayina awiriwa muwasunge. Ndipo amene mwawadzola kwa nthawi yayitali musangosiya lero ndi lero panokha, pitani ku chipatala akakuuzeni kasiyidwe kake, chifukwa thupi limakhala litazolowera.

Dzina lachitatu ndi hydroquinone, pa Chipwitikizi amalemba hidroquinona. Imaletsa khungu kupanga mtundu wake wakuda, umene ndi womwewo umatiteteza ku dzuwa. Ukaidzola zaka zambiri m'dzuwa lathuli, m'masaya ndi pachipumi mumabwera mawanga akuda obiriwira, okhakhala, ovuta kwambiri kuchiza. Mwawaonapo amayi otere, masaya akuda ngati opserera, zala zakuda m'mfundo koma nkhope yoyera. Madokotala a ku South Africa anafotokoza za matendawa mu 1975, ataona amayi ambiri akuda akubwera nawo, ndipo mu 1990 dzikolo linaletsa hydroquinone mu zodzola zogulitsa wamba. Mayiko a ku Ulaya analetsa mu 2001. Côte d'Ivoire inaletsa mafuta oyeretsa khungu mu 2015, Rwanda mu 2018. Koma katundu amene waletsedwa uko sasowa kolowera, amayenda m'zikwama nkudutsa malire, ndipo ife tili pamalire.

Choopsa koposa ndi mekyule, mercúrio yemwe uja amagwiritsa ntchito okumba golide. Ena amamuthira m'mafuta ndi mu sopo woyeretsa khungu chifukwa ndi wotchipa ndipo amayeretsa msanga. Amalowa m'thupi kudzera pakhungu nkuwononga impso ndi minyewa, munthu kumanjenjemera manja, kuiwalaiwala, kusowa tulo. Mayi woyembekezera amapatsira mwana ali m'mimba, woyamwitsa amapatsira kudzera mu mkaka, ndipo amatsalira pa thawulo ndi pa zofunda, moti amuna anu ndi ana amene sanadzoleko amamulandiranso. Abambo, mwamva pamenepo? Pangano la mayiko loletsa mekyule limatchedwa Minamata, dzina la mzinda wa ku Japan kumene mu 1956 anthu anapezeka akudwala ndi kufa chifukwa cha nsomba za m'madzi amene fakitale inkatayiramo mekyule. Panganoli linasainidwa mu 2013 nkuyamba kugwira ntchito mu 2017. Poyamba linkalola kachigawo kamodzi pa miliyoni mu zodzola, koma mu 2023 mayiko anagwirizana ku Geneva kuti pofika 2025 zodzola zothira mekyule zisapangidwenso ngakhale kugulitsidwa kunja. Mu 2018 gulu la Zero Mercury Working Group linatulutsa zimene linapeza litayeza mafuta 338 oyeretsa khungu ochokera m'mayiko 22. Mwa amenewo 34 anali ndi mekyule wopitirira muyeso kutalitali, ena kambirimbiri zikwizikwi.

Vuto lake ndi loti amene amathira mekyule kawirikawiri salemba. Nthawi zina mupeza mawu oti calomel, mercurous chloride kapena mercúrio, koma nthawi zambiri mupeza chithunzi cha papaya kapena karoti ndi mawu oti natural. Nchifukwa chake ine mafuta aliwonse olonjeza kuyeretsa m'masiku 7, kapena othiridwa m'kabotolo kopanda dzina la kampani, mu saluni mwanga salowa, ngakhale kasitomala abwere nawo yekha. Ena anakwiya nkusiya kubwera. Palibe kanthu.

Nanga tiziwerenga chiyani m'malo mwa nyenyezi? Tembenuzani botolo. Pezani pamene alemba Ingredientes kapena Ingredients. Mayinawo amawandandalika kuyambira chimene chachuluka kutsikira pa chochepa, ndiye ngati kutsogolo ajambula aloe wamkulu koma dzina lake lili kumapeto kwenikweni, dziwani kuti mwagula madzi ndi fungo. Onani Validade. Onaninso kachithunzi ka kabotolo kotsegula kolembedwa 6M kapena 12M, kutanthauza miyezi imene mafutawo amakhala abwino mukawatsegula. Chilichonse chatsopano yambani mwapaka pang'ono mkati mwa mkono, kawiri pa tsiku kwa sabata imodzi, muone ngati pakuyabwa kapena kutupa. Mkwatibwi asayese chinthu chatsopano tsiku la ukwati, ndinaphunzira ine.

Kunena zoona khungu silifuna zambiri. Chisanu cha kuno mu Juni ndi Julayi, pamene milomo ndi zidendene zimang'aluka, Vaseline ndi gilisalini wamba zimagwira ntchito imene mabotolo ambiri odula amalonjeza, makamaka mukapaka mutangosamba thupi lisanaumiretu. Ndinapitako kamodzi ku Ilha de Moçambique nkuona amayi a Chimakua atapaka mussiro kumaso, uja amapera kamtengo pamwala nkuthira madzi. Amayenda nawo pamsewu nkhope zili mbuu, osachita manyazi, ndipo amati amafewetsa khungu ndi kuliteteza ku dzuwa. Sindikunena kuti tonse tiyambe mussiro ayi. Chimene ndinasirira nchakuti amadziwa chimene apaka, mtengo wake amaudziwa, ndipo madzulo akasukusula khungu limakhala lakuda monga analili.

Atsikana, primer gulani ngati ndalama ilipo, si tchimo. Wa nkhope ya mafuta asankhe yolembedwa matte, wa nkhope youma asankhe yonyowetsa, ndipo muyese padzuwa, osati pa getsi la m'sitolo. Mng'ono wanga uja tsopano papita miyezi 8 chisiyireni timachubu tija motsogozedwa ndi a chipatala. Kuyabwa kunatha, mtundu wake ukubwerera pang'onopang'ono, koma mizere ya m'mikono anatiuza kuti siidzatheratu. Anandilola yekha kuti ndikuuzeni zimenezi.

A wapampando, ndikupempha kuti pa msonkhano wa mwezi wamawa aliyense abwere ndi botolo kapena chubu chimene akudzola kunyumba, ngakhale chotha kale. Tidzaziika patebulo apa popanda kufunsa kuti ichi ncha yani, ndipo ana asukulu adzatithandiza kuwerenga timalemba tating'onoto. Ngati kungatheke tiitanenso anamwino mmodzi.