KUTERA PA MWEZI MULI PA KHONDE KU NANCHOLI

Nkhani yathu ya madzulo ano yachokera pa khonde la nyumba ina ku Nancholi, mu mzinda wa Blantyre.

Loŵeruka lapitali ndinakacheza kwa mlongo wanga kumeneko, ndipo ndinapeza mwana wake wa fomu 2 ataŵeramira foni pamodzi ndi anzake aŵiri. Posakhalitsa anafuula nati, "Amalume, chaphwanyikanso!" Anali kuseŵera maseŵero otsitsa chombo cha mumlengalenga pa mwezi. Mai ake anadandaula nati, "Achimwene, mwanayu angondithera batire ndi zidolezi." Funso lathu lero nlakuti: kodi nzidoledi?

Tiyambe ndi vuto lenilenilo. Ku mwezi kulibe mpweya, choncho mapiko a ndege kapena parachuti sizingathandize konse. Njira yochepetsera liŵiro ndi imodzi yokha: kuyatsa injini kuti moto wake uloze kumene chombo chikugwera. Mphamvu ya mwezi yokokera zinthu pansi ndi gawo limodzi mwa magawo 6 a mphamvu ya dziko lathu, kotero kuti thumba la chimanga la makilogalamu 50 kumeneko lingamveke ngati la makilogalamu 8. Komabe chinthu chimene chikugwa chimanka chiwonjezera liŵiro sekondi iliyonse, popeza palibe mpweya wochibweza.

Inu amene mumayenda pa mseu wochoka ku Blantyre kudzera ku Nancholi kutsikira ku Chikwawa mukudziŵa zimene dalaivala amakumana nazo pa zitunda za kumtunda kwa Thabwa. Akaponda mabuleki kosalekeza kuchokera pamwamba, amatentha nasiya kugwira asanafike m'chigwa cha Shire. Akachedwa kuponda, galimoto imamlaka pokhota. Woyendetsa chombo naye ali pakati pa ngozi ziŵiri zotere. Akayatsa injini msanga, mafuta amatha chombo chikadali m'mwamba, ndipo chimagwa ngati mwala. Akachedwa, chimamenya nthaka chisanathe liŵiro. Ayeneranso kuthetsa kuyenda cham'mbali, kuopa kuti mwendo umodzi ungakodwe chombo nkugubuduzika. Ndipo pamene mafuta akupsa chombo chimapepuka, motero moto umene unali woyenera poyamba umasanduka wochuluka. Pofika pansi, liŵiro liyenera kukhala losapitirira la munthu woyenda wapansi.

Maseŵero ameneŵa si a lero. M'chaka cha 1969 Jim Storer, mwana wa sukulu ya sekondale ku Lexington m'dziko la America, analemba oyamba pa kompyuta yotchedwa PDP-8. Munalibe zithunzi, koma manambala okhaokha: woseŵera ankalemba kuchuluka kwa mafuta oti atenthe pa masekondi 10 alionse. Mu 1979 kampani ya Atari inatulutsa Lunar Lander wa zithunzi, ndipo mu 2011 kampani ya Squad ya ku Mexico inayamba kutulutsa Kerbal Space Program, mmene woseŵera amamanga yekha chombo chake.

Anthu amene anaponda pa mwezi anaphunziranso mwa kuyeseza. Neil Armstrong ankauluka ndi makina a miyendo inayi otsanzira kutera kwa chombo. Pa 6 Meyi 1968, ku Ellington pafupi ndi Houston, makinawo analephera kuwongoleka. Iye anatulukamo ndi parachuti, ndipo iwo anagwa nayaka moto. Sanaleke kuyeseza. Pa 20 Julayi 1969, potsika ndi Buzz Aldrin m'chombo chotchedwa Eagle, anaona kuti kompyuta ikuŵatengera pa malo a miyala ikuluikulu. Anayamba kuwongolera yekha, kufunafuna malo osalala. Ku Houston, Charles Duke anaŵachenjeza kuti atsala ndi masekondi 60, kenaka 30, mafuta asanafike pa mlingo woti asiye kutera. Anatera bwinobwino, popeza manja ake anali atazoloŵera kale ntchitoyo.

Ngakhale kuno kwathu nzeru ya kuyeseza inalipo. Mu 1964 mphunzitsi wina wa ku Zambia, Edward Mukuka Nkoloso, ankagubuduza achinyamata m'migolo pa chitunda pafupi ndi Lusaka, poŵakonzekeretsa ulendo wa ku mwezi. Ambiri anamseka, koma chimene chinamsoŵa ndi zipangizo. Mgolo sungaphunzitse munthu kuŵerengera mafuta, pamene foni ya pa khonde ija ikutha kutero.

Musayesenso kuti ntchitoyi yaphweka tsopano. Mu 2019 chombo cha Israel, Beresheet, ndi cha India, Vikram, zinaphwanyika pa mwezi. Mu Ogasiti 2023 Luna-25 cha Russia chinawonongekanso, koma pa 23 mwezi womwewo India anateretsa bwino Chandrayaan-3, atakonza zolakwa za ulendo woyamba uja.

Tsono ndinachita monga tinaphunzirira ku koleji ya uphunzitsi. Ndinauza mnyamatayo kuti atenge kope ndi pensulo, alembe msinkhu umene wayatsira injini ndi mafuta otsala pa ulendo uliwonse. Anagwa kanayi. Kachisanu anayang'ana manambala ake, nadikira pang'ono asanayatse, ndipo chombo chinaima pa miyendo yake.

Kwa inu makolo, pempho langa ndi ili: mpimireni mwana nthaŵi ya foni, ndithu, ntchito za pakhomo ndi za kusukulu zikhale patsogolo. Koma chombo chikagwa, mfunseni chifukwa chake. Akatha kukulongosolerani, dziŵani kuti masamu ndi sayansi zayamba kumloŵa. Akangodinadina osaganiza, pamenepo mlongo wanga akunena zoona, ndi zidole chabe.