Cotupa Cimene Sicidikira Mawa

Madzulo ano tikambirane za khansa ya ana ndi acinyamata imene dzina lake ndi Burkitt lymphoma.

M'caka ca 1957 dotolo wina, Denis Burkitt, anaona mwana wotupa nsagwada pa cipatala ca Mulago ku Kampala. Mu 1961 iye ndi anzake awiri anayenda pa galimoto mailosi 10,000, kucokera ku Uganda, kupyola maiko athu ano, kufikira ku Johannesburg ndi kubwerera, nafunsa m'zipatala zoposa 50. Anapeza kuti nthendayi imaculuka kumalo otentha ndi amvula kumene malungo ali ambiri, monga m'mbali mwa nyanja ya Malawi. Ku Johannesburg, pokhala kumtunda kozizira, inali yosowa.

Kusowako kuli ndi ngozi yake, pakuti nthenda yosaonekaoneka anthu saiganizira msanga. Kwathu imakonda kutupitsa nsagwada, mano nagwedezeka, ndipo makolo amayesa dzino kapena matsagwidi. Ku Johannesburg imayamba kawirikawiri m'mimba, ndiponso imagwira ana amene ali ndi HIV. Pamene makolo alikuyesa mankhwala a njoka zam'mimba, cotupaco cilikukula; cikhoza kuwirikiza kukula kwake m'masiku awiri okha.

Nanga madotolo amaizindikira bwanji? Kuona ndi maso kapena kukhudza ndi manja sikukwanira iai. Amaunika m'mimba ndi makina, natenga kanyama kakang'ono pa cotupaco ndi singano kapena mpeni, nakapima pa maikulosikopu. Pamenepo maonekedwe ake ali ngati thambo la usiku lodzala nyenyezi. Amapimanso mafuta a m'mafupa ndi madzi a mumsana, kuti adziwe pamene nthenda yafika. Nchito imeneyi imacitika pa cipatala ca Chris Hani Baragwanath ku Soweto, ca Charlotte Maxeke mumzinda wa Johannesburg, ndi ca Queen Elizabeth ku Blantyre.

Mau otonthoza ndi awa: khansa imeneyi imamva mankhwala, ndipo ana ambiri ofika msanga amacira. Cifukwa cake, amai ndi abambo, mukaona tsaya kapena mimba ya mwana ilikutupa tsiku ndi tsiku, musadikire malipiro a kutha kwa mwezi. Pitani naye kucipatala sabata lomwelo, ndipo mufunse ngati cotupaco capimidwa.

Tsalani bwino nonse.