Kuyeza Shuga Usana ndi Usiku

Mawu amene mnzathu wina wogwira ntchito zachipatala analankhula pa msonkhano wathu wa pachaka pa Ntcheu boma

Komiti inandipempha kuti ndinenepo za matenda a shuga, poti ambirife tafika pa msinkhu umene matendawa amakonda. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo wa m'chaka cha 2009 anapeza kuti mwa Amalawi 100 alionse a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi 6 anali ndi shuga.

Ine ndikamba za gulu limodzi lokha: aja amamwa mankhwala mokhulupirika, kapena kudzibaya insulini, koma shuga wao osamva. Munthu wotere amapita ku chipatala m'mamawa asanadye, mwina kamodzi pa mwezi. Akam'baya chala makina n'kuonetsa 120, adokotala amakondwa, iyenso amakondwa. Komatu nambala imeneyo ikunena za mphindi imodzi yokha. Sinena kuti dzulo masana, atatha mitanda itatu ya nsima yoyera, shuga anafika 300. Sinenanso kuti pakati pa usiku anatsika kufika 50 mwini wake ali mtulo, thukuta lili kamukamu. Shuga wokwera amaononga maso, impso ndi mitsempha ya kumapazi pang'onopang'ono. Wotsika kwambiri angathe kupha munthu usiku womwewo.

Tsono kunabwera kachipangizo kakang'ono kamene amamata pamimba kapena kumbuyo kwa mkono. Kali ndi kawaya kopyapyala kolowa pansi pa khungu, kamene kamayeza shuga m'madzi a m'thupi osapuma. Mtundu wa Dexcom G6 umayeza mphindi 5 zilizonse, ndiye kuti ka 288 pa tsiku, ndipo umakhala masiku 10. Wa FreeStyle Libre umakhala masiku 14. Manambala amaoneka pa foni kapena pa kamakina ka m'manja, ndipo mitundu yambiri imalira shuga akayamba kutsika, kumudzutsa wodwalayo kapena mkazi wake. Akatswiri amati shuga azikhala pakati pa 70 ndi 180 kwa maola pafupifupi 17 pa tsiku. Ndi kubaya chala kamodzi pa mwezi, zimenezi mungazidziwe bwanji?

Musati ndi za ku Ulaya zokha. M'chaka cha 2022 anansi athu a ku Neno, kuseri kwa Tsangano uku, anayesa Dexcom G6 pa odwala shuga wa mtundu woyamba, uja wofuna insulini tsiku ndi tsiku. Anachita izi pa chipatala cha Neno ndi cha Lisungwi, mothandizana ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo. Odwalawo anali anthu a kumudzi ngati abale athu a ku Kasinje kapena ku Bilira, ndipo zinatheka ndithu.

Zovuta zake ndizinene poyera. Mtengo ndi wokwera, chifukwa kachipangizoka kamagulidwa kunja ndipo masiku ake akatha n'kotaya. Thukuta la kumunda limatha kukamatula. Kamakina kowerengera kamafuna kutchaja. Ndiponso manambala ake amachedwa ndi mphindi zingapo poyerekeza ndi magazi, kotero ngati thupi likunjenjemera koma foni ikuti zonse zili bwino, bayani chala. Ndipo chonde, munthu asasinthe yekha mlingo wa insulini chifukwa cha zimene waona pa foni. Apite nazo kwa adokotala. Komabe kwa amene shuga wamuvuta, ngakhale kukavala kamodzi kokha kwa sabata ziwiri kumaulula zambiri. Amaona yekha zimene mbatatesi, thobwa kapena tiyi wa masupuni anayi amachita m'thupi mwake, ndipo sipafunikanso kukangana naye.

Nanga amene sangakwanitse, omwe ndi ambirife? Makina obaya chala aja ndi okwanira kuyambirapo, bola musamayeze nthawi imodzimodzi masiku onse. Lero yezani m'mamawa, mawa patapita maola awiri mutadya nsima, mkuja pogona. Lembani m'kope nambala, nthawi ndi chimene munadya, monga tinkalembera zoyesa za sayansi ku Fomu 3, ndipo kopelo muzipita nalo ku chipatala. Shuga akatsika kuchepera 70, mwani masupuni aang'ono atatu a shuga m'madzi, muyezenso pakatha mphindi 15. Munthu akakomoka musam'thire kanthu m'kamwa, thamangani naye ku chipatala.

Chimene chimasowa kawirikawiri si makina ayi, koma timapepala take. Ndawaona makina ambiri atangogona m'kabati. Choncho ndikupempha komiti iganizire zopatula kangachepe m'thumba lathu la zovuta kogulira timapepalati, kuyambira ndi aphunzitsi athu opuma amene akudwala. Thumba limeneli timalikumbuka pogula bokosi pokha. Anzathu a ku Johannesburg, pofuna kutumiza mphatso kumudzi, yambani mwafunsa dzina la makina amene mbale wanu ali nao, chifukwa timapepala ta mtundu wina sitigwira pa makina a mtundu wina.

Ndabwera ndi makina anga ndi timapepala tokwanira. Ofuna kuyezedwa andipeze pakhonde tisanapite kukadya.