Tulo ndi Kukumbukira

Lero tikambe za mutu wa munthu wogwira khasu.

Kawirikawiri mlangizi amafotokoza pa msonkhano kuti mizere ya chimanga italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25, mbeu imodzi pa phando. Onse amabvomera. Koma pofika tsiku lobzala ena aiwala, ndipo munda wonse ubzalidwa molakwa. Kodi chimachitika n'chiani?

Ubongo umasunga nzeru monga momwe ife timasungira chimanga. Zimene munthu wamva masana zimayamba zaikidwa pa malo a kanthawi m'kati mwa ubongo, otchedwa hippocampus, ngati chimanga pa mkukwe. Usiku, munthu ali m'tulo, ubongo umabwereza zinthuzo ndi kuzituta pang'onopang'ono kunka nazo kumene zidzakhalitsa, ngati m'nkhokwe. Chimanga chosiyidwa pa mkukwe chimatha ndi chiswe ndi mbewa. Chimodzimodzi nzeru ya munthu wosagona.

M'chaka cha 1885, Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anaonetsa kuti munthu amaiwala kwambiri m'maora oyamba atangophunzira, ndi kuti kubwereza pa masiku osiyana kumachepetsa kuiwalako. M'chaka cha 1924, Jenkins ndi Dallenbach a ku America anapatsa ophunzira awiri mau oti aloweze. Atagona maora 8 anakumbukira mau ambiri koposa pamene anakhala ali maso maora omwewo.

Tsono, mafumu, musaitanitse msonkhano wa ulimi m'mawa mwake anthu atachezera pa maliro kapena pa mowa, pakuti mutu wa tulo sulandira kanthu. Pa msonkhano pakhale mfundo zitatu zokha, ndipo m'mawa mwake muzibwereze kumunda, anthu ayese ndi manja awo.

Inu alimi, madzulo musanagone fotokozerani a m'banja mwanu zimene mwamva. Muyeso wa mankhwala ophera mbozi muulembe, pakuti kuphonya muyeso kuononga mbeu ndi thanzi lomwe. Munthu wamkulu agone maora osachepera 7, mwana wa sukulu 9 kufikira 12. Mowa umagonetsa msanga, koma tulo take n'todukaduka. Gonani m'neti kuti udzudzu usakudzutseni.

Tsalani bwino mafumu ndi alimi nonse. Tidzachezanso sabata ya mawa nthawi yomwe ino.