NTHENDA YA SHUGA YA AMAI APAKATI: KODI ICOKERA KU MTUNDU?



Amai awiri oyandikana nyumba angathe kudya nsima ndi ndiwo zofanana, naima mwezi umodzi. Koma ku sikelo wina ampeza ndi shuga wambiri m'mwazi, mnzace ai. Kusiyana kumeneku kucokera kuti?

Akulu amene anagwira nchito pa mgodi wa Broken Hill usanatsekedwe mu 1994 akumbukira mapampu ocotsa madzi pansi. Madzi akaculuka, pampu yaing'ono igonja. Kapamba wa munthu ali cimodzimodzi. Ndiye apanga insulin, imene icotsa shuga m'mwazi ndi kumlowetsa m'minofu. Mimba ikakula, nsengwa itulutsa zinthu zofooketsa insulin, cotero kapamba ayenera kupanga yoculuka koposa kale. Wa mai wina akwanitsa, wa wina alephera.

Mbali ina ya mphamvu ya kapamba tibadwa nayo. Malangizo obisika m'thupi amene tilandira kwa atate ndi amai, akatswiri awachula majini. Musawasokoneze ndi majini a mizimu aja ai. Mu 2006 ofufuza a ku Iceland anapeza kuti kusiyana pang'ono m'jini lochedwa TCF7L2 kumkonzera munthu njira ya nthenda ya shuga. Pambuyo pace kunaoneka kuti jini lomwelo, ndi lina la MTNR1B, likhudzanso amai apakati. Koma jini limodzi palokha liri ndi mphamvu yocepa. Kunenepa, msinkhu ndi zakudya ndizo zitsiriza nchitoyo.

Codandaulitsa ncakuti kufufuza kwambiri kunacitika pa Azungu ndi anthu a ku Asia, cinkana ife a mu Afrika ndife osiyana-siyana m'majini koposa anthu onse. Jini la ZRANB3, lokhudzanso nthenda ya shuga, linadziwika mu 2019 pamene anafufuza anthu a ku Nigeria, Ghana ndi Kenya.

Tsono inu mai, funsani ku mtundu wanu, kwa amai ndi kwa atate komwe. Ngati kholo kapena mbale wanu ali ndi shuga, kapena munabalapo mwana wopitirira makilogramu 4, uzani anamwino ku sikelo kapena ku Kabwe Central Hospital. Mwazi uyesedwa pakati pa masabata 24 ndi 28: mupita musanadye kanthu, mumwa madzi a shuga wa magramu 75, nayesanso patapita ola limodzi ndi maola awiri. Inu abambo, aperekezeni tsiku limenelo.

Mwana akabadwa shuga amatsika kawiri-kawiri, koma mukayesedwenso patapita masabata 6, pakuti kwa ambiri nthendayi ibweranso patapita zaka.