Tisanakumbe Damu la Nsomba Pakhomo

Mawu amene adayankhulidwa pa msonkhano wa atsogoleri a makalabu a bungwe lathu

 Tikambirane za madamu a nsomba a pakhomo.

M'misonkhano yapitayi mamembala akhala akufunsa mafunso awiri. Ena akufuna kukumba damu kuseri kwa nyumba kuti banja lizipeza ndiwo ndi kangachepe ka sopo. Ena adaona tinsomba tofiira tokongola totchedwa goldfish, timene timasungidwa m'magalasi ndi m'timadamu ta simenti ku nyumba zogona alendo m'tauni, ndipo akuti mwina pali ndalama. Mafunso onsewa ndiwayankha, koma ndiyambe ndi zimene zidandionekera ine mwini.

Damu langa nditalikumba, maganizo anga onse adali pa nsomba. Za mpanda sindidaganizeko. Tsiku lina m'mawa mdzukulu wanga wa zaka ziwiri adatsatira abakha mpaka m'mphepete mwa damu, ndipo adatsetsereka. Sadalire, chifukwa mwana akamamira sakuwa. Mwayi wake agogo ake aakazi adali pafupi kuthyola ndiwo, ndiwo adamuvuula. Tsiku lomwelo ndidadula nsungwi. Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Amene wafuna damu wafunanso udindo wake, ndipo udindo woyamba ndi moyo wa ana.

Choncho mfundo yoyamba ndi mpanda. Mangani mpanda musanalowetse madzi, osati nsomba zitakula. Ukhale wa nsungwi kapena bango, wothithikana, wofika m'chiuno mwa munthu wamkulu kapena kuposerapo, ndipo ukhale ndi chitseko chimene mwana sangatsekule. Musadzinamize kuti damu ndi losaya. Mwana wamng'ono akagwa chafufumimba, madzi olekeza m'mawondo ndi okwanira kumupha. Mpanda womwewo umachepetsanso vuto la akatumbu, ng'azi ndi ziweto zimene zimagumula khoma la damu.

Mfundo yachiwiri ndi malo. Nsomba zimafuna madzi osaphwa chaka chonse, kapena kwa miyezi yosachepera 6. Dothi likhale lamakande. Tapani dothi lonyowa, muliumbe ngati mpira, muliponye m'mwamba ndi kuliwakha. Likaphwanyika, ndi lamchenga ndipo silisunga madzi. Musakumbe m'kati mwa mtsinje kapena m'njira ya madzi osefukira. Anzathu a m'chigawo cha kummwera akudziwa zimene namondwe wa Ana adachita mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023: makoma a madamu adagumuka, nsomba zidapita ndi madzi. Damu likhalenso kutali ndi chimbudzi, mamita osachepera 30, ndipo lisakhale pansi pa mitengo yogwetsa masamba ambiri, pakuti madzi amafuna dzuwa.

Kwa woyamba kumene, damu la mamita 10 m'lifupi ndi mamita 20 m'litali ndi lokwanira. Kolowera madzi kukhale kozama pafupifupi masentimita 80, kotulukira kufike mita imodzi ndi theka kapena kucheperapo pang'ono, kuti pokolola madzi azitha kuphwetsedwa. Makoma akhale opendekeka, otsenderedwa bwino, ndipo mubzalepo kapinga. Pa paipi yolowetsa madzi ndi yotulutsa madzi muikepo sefa, kuti nsomba zakutchire zisalowe, zanunso zisathawe.

Mfundo yachitatu ndi thanzi la banja. Damu losasamalidwa limaweta udzudzu ndi nkhono zofalitsa likodzo. Udzudzu umaswana m'mphepete mosaya mmene muli udzu, mmene nsomba sizifika kuti zidye mphutsi zake. Tchetchani m'mphepete kawirikawiri ndipo zulani zomera za m'madzi zimene nkhono zimakakamirako. Likodzo limalowa m'madzi kudzera mu mkodzo ndi chimbudzi cha munthu wodwala, choncho pasapezeke wokodza kapena wodzithandiza pafupi ndi damu. Ana asamasambemo, ndipo madzi ake si akumwa.

Mfundo yachinayi ndi thanzi la nsomba. Nsomba imapuma mpweya wa m'madzi, ndipo mpweyawo umachepa kwambiri m'bandakucha. Mukalawirira n'kupeza nsomba zayandama, zikutsekula kukamwa pamwamba pa madzi, dziwani kuti zikubanika. Tsiku limenelo musathire manyowa kapena chakudya, koma lowetsani madzi atsopano. Manyowa a nkhuku, mbuzi kapena ng'ombe ndi abwino chifukwa amabiriwitsa madzi, ndipo kubiriwirako ndi chakudya cha nsomba. Muyeso wake muli nawo m'thupi mwanu momwemo. Pisani mkono m'madzi mpaka m'chigongono. Ngati chikhatho chikuoneka bwinobwino, onjezerani manyowa. Ngati chazimirira mkono usanafike pakati, mwachulutsa, yambani mwaleka.

Musathithikize nsomba. Pa malo a mita imodzi mbali zonse ikani nsomba ziwiri kapena zitatu. Ndiye kuti damu la mamita 10 kwa 20 litenga pakati pa 400 ndi 600. Zipatseni madeya m'mawa dzuwa litakwera ndi masana, pamalo amodzi, muyeso umene zingamalize. Chakudya chotsala chimaola ndi kumaliza mpweya. Chilunguni chimadyanso masamba a mbatata, chinangwa ndi chisoso. M'miyezi yozizira ya June ndi July nsomba zimadya pang'ono, choncho chepetsani. Mbewu ya nsomba muzinyamula m'mawa kukadali kozizira, ndipo mukafika yandamitsani thumba kapena ndowa pamadzi kwa mphindi 15 mpaka 20 musanazitulutse, kuti zizolowere.

Enafe timalima thonje ndi tomato. Mankhwala opopera mbewuzi, monga cypermethrin, ndi poizoni woopsa kwa nsomba ngakhale atakhala madontho ochepa. Musatsukire mpope m'ngalande yopita ku damu. Inu a m'matauni amene mukuganiza za kadamu ka simenti, dziwaninso kuti madzi a pampopi amakhala ndi kolorini amene amapha nsomba, ndipo simenti yatsopano imaononga madzi ngati sidatsukidwe ndi kuviikidwa kangapo.

Tsopano ndibwere ku funso la goldfish. Nsomba imeneyi kwawo ndi ku China, kumene anthu adayamba kuiweta zaka zoposa 1,000 zapitazo chifukwa cha maonekedwe ake. Ndi yolimba: imapirira kuzizira, imapirira madzi ochepa mpweya, imadya chilichonse ndipo imaswana kwambiri. Kulimba kumeneku ndiye vuto lake. Ikathawira mumtsinje imafukula matope, imazula zomera, imadya mazira a nsomba zina, ndipo ana ake amabwerera ku mtundu wotuwa wa makolo awo. Maiko monga Australia ndi Canada akuvutika nayo m'mitsinje ndi m'nyanja zawo chifukwa cha anthu amene adaitaya atatopa nayo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Goldfish ndi m'bale wake wa nsomba ija yotchedwa carp. Akuluakulu ena pano akukumbukira kuti carp idabwera m'dziko muno mu 1976 ndipo alimi a madamu adaikonda chifukwa imakula msanga. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 boma lidailetsa poopa kuti ingalowe m'nyanja ya Malawi, mmene muli mitundu mazanamazana ya nsomba zosapezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. Lamulo loona za nsomba limaletsa kulowetsa nsomba zachilendo m'madzi athu kapena kusamutsa nsomba popanda chilolezo cha nthambi ya boma yoona za nsomba. Choncho membala aliyense amene akufuna goldfish ayambe wapita ku ofesi ya zansomba ya m'boma lake. Safunsa adadya phula. Ndipo ngati alipo amene ali nazo kale, asaziike m'damu lokumba limene madzi ake amatulukira kudambo, asazisakanize ndi nsomba zodya, ndipo akatopa nazo asakazitaye mumtsinje.

Palinso nkhani ya matenda. Mu 2020 ku Mchinji kudabuka matenda a zilonda a nsomba otchedwa EUS, amene adali asanaonekepo m'dziko muno. Amafala ndi madzi osefukira, maukonde obwerekana ndi nsomba zosamutsidwa mwachisawawa, ndipo goldfish ili m'gulu la nsomba zimene zimagwidwa nawo. Kansomba kamodzi kogula pamsewu kangathe kupha madamu a kalabu yonse. Mukaona nsomba za zilonda zofiira, musazigulitse kapena kuzitaya mumtsinje. Zikwirireni, ndipo dziwitsani alangizi msanga. Ukonde wobwereka uziyanikidwa padzuwa mpaka utaumiratu usanalowe m'damu lina.

Langizo langa kwa mlimi wamng'ono ndi lakuti tiwete zathu: makumba, chilunguni, chambo ndi mlamba. Zimenezi zidazolowera madzi athu, msika wake uli pakhomo pomwepo, ndipo mwana akadya zimamanga thupi. Pakatha miyezi 6 mpaka 8 mumakolola, matope a pansi pa damu n'kupita kudimba ngati manyowa.

Koma a Wapampando, si zonse zimene mlimi angachite payekha. Ndikupempha kuti bungwe lathu litengere ku boma ndi kwa aphungu athu mfundo zinayi izi. Choyamba, alangizi a zansomba achuluke ndipo apatsidwe mayendedwe, chifukwa m'madera ambiri timawaona patalipatali, damu litakumbidwa kale molakwika. Chachiwiri, mbewu yabwino ya nsomba ifike pafupi ndi alimi. Si aliyense angafike ku Domasi m'boma la Zomba, kumene kuli likulu la kafukufuku wa ulimi wa nsomba, ndipo tikasowa timangogula kwa mnansi tinsomba topinimbira. Chachitatu, lamulo la nsomba zachilendo limasuliridwe m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi m'ziyankhulo zina, liulutsidwe pa wailesi, ndipo ogulitsa nsomba zokongoletsa m'tauni azionetsa chilolezo chawo. Si bwino kuti mlimi adzamve za lamulo tsiku limene akulangidwa nalo. Chachinayi, pakagwa ngozi ya madzi osefukira, madamu a nsomba aziwerengedwa pamodzi ndi minda ndi ziweto polemba zoonongeka, kuti eni ake azilandiranso thandizo.

Kwa ife atsogoleri a makalabu, ntchito yathu iyambe sabata ino. Tikabwerera kwathu tiyendere damu lililonse la membala, tione ngati lili ndi mpanda, chitseko ndi sefa pa mapaipi. Limene lilibe, tigwirane manja tikadule nsungwi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Pa msonkhano wotsatira kalabu iliyonse idzapereke lipoti la madamu amene yayendera ndi amene yamangira mpanda.